Kulongedza DNA m'chigoba cha herpes: zolemba za ntchito, masabata 9 oyambirira

Zolemba izi ndi za gulu lathu la pa labu kuno ku Joni. Tikuzilemba m'Chichewa poti ndi chomwe timalankhula pa benchi, ndipo ena mwa amene adzapitirize ntchitoyi adzakhala ali kumudzi. Mayina a majini ndi mapuloteni tawasiya momwe alili, chifukwa ndi omwe mukawapeze pa mabotolo.

Funso lathu ndi limodzi: kachirombo ka herpes kakalephera kuchulukana, kodi kakanika pa sitepe iti ya kudula DNA ndi kuilongedza m'chigoba (capsid), kabokosi ka mapuloteni komwe kachirombo kamasungiramo DNA yake? Kuwerenga ma plaque, mabala amene kachirombo kamasiya pa maselo owetedwa, kumangotiuza kuti tizirombo tachepa. Sikutiuza ngati DNA sinadulidwe n'komwe, ngati inalowa m'chigoba n'kutulukamonso, kapena ngati ndife tomwe taswa zigoba ndi manja athu. Tikufuna njira yoyezera yosiyanitsa zitatuzi, yoti munthu wina angaibwereze osatiimbira foni.

Sabata 1, Lolemba

Tagwirizana zogwiritsa ntchito HSV-1, kachirombo koyambitsa tizilonda ta pamilomo, m'maselo a Vero. Maselowa anachokera ku impso za nyani wa mtundu wa pusi, ndipo anayamba kuwetedwa ku Japan mu 1962.

Panali mtsutso pang'ono. Ena amati bwanji osayamba ndi KSHV, kachirombo ka herpes koyambitsa khansa ya Kaposi, poti khansayo ndi imene timaidziwa bwino m'zipatala za kwathu. Mfundoyo ndi yomveka, koma KSHV, kamene Yuan Chang ndi Patrick Moore anakatulukira mu 1994, kamakonda kugona phee m'selo. Pamafunika kukadzutsa ndi mankhwala, ndipo zigoba zimatuluka zochepa. HSV-1 kamamaliza ulendo wake wonse m'maola 18 mpaka 24 ndipo kamadzaza nyukiliyasi ndi zigoba. Makina olongedzera ndi a mtundu umodzi m'banja lonse la herpes, kaya ndi kachirombo ka katsabola ndi mashingozi, CMV (cytomegalovirus), EBV (Epstein-Barr virus) kapena KSHV, choncho chomwe tiphunzire pano sichitayika.

Amene mwangofika kumene, nazi zomwe muyenera kuloweza musanagwire pipette.

Chigoba cha HSV-1 ndi chachikulu ma nanometre pafupifupi 125, chili ndi mbali 20 za makona atatu ndi nsonga 12. Njerwa yake yaikulu ndi puloteni ya VP5, yochokera ku jini ya UL19. Pa nsonga 11 VP5 imakhala m'magulu a zisanuzisanu, pamalo ena onse imakhala m'magulu 150 a zisanu ndi chimodzi. Werengerani nokha: 900 kuphatikiza 55, zikwana 955. Pakati pa maguluwa pali zolumikiza 320, chilichonse chopangidwa ndi VP19C imodzi ndi VP23 ziwiri. Nsonga ya 12 ndiye yosiyana ndi zinzake: ilibe VP5, ili ndi mphete ya mapuloteni 12 a pUL6 yokhala ndi bowo pakati. Limeneli ndiye khomo, ndipo ndi limodzi lokha pa chigoba chonse. DNA imalowera pamenepo, ndipo selo lina likadzagwidwa imatulukira pomwepo.

Chigobacho sichimangidwa mokuta DNA ayi. Chimamangidwa kaye chopanda kanthu, m'nyukiliyasi, pa nsanja yamkati ya mapuloteni ochokera ku UL26.5 ndi UL26, monga momwe amisiri amaimikira mitengo pansi pa silabu simenti isanaume. Pa nthawiyi chimakhala chobulungira komanso chofooka, ndipo chimatchedwa procapsid. Kenako enzyme yodula mapuloteni (protease) ya kachirombo komweko, VP24, imadula nsanjayo kuichotsa ku khoma, nsanjayo imatuluka DNA ikulowa, ndipo chigoba chimauma n'kutuluka makona.

DNA yake ndi ya ma base pair pafupifupi 152,000. Pa nanometre 0.34 iliyonse, ndiye kuti ikatambasulidwa imatalika ma micrometre pafupifupi 52, kuposa chigobacho maulendo oposa 400. Chigoba chikanakhala mpira wamiyendo, DNA ikanakhala chingwe chonenepa mamilimita 3.5 chotalika mamita 90, kungotsala pang'ono kukwana bwalo lonse la mpira, ndipo chonsecho n'kulowera pa bowo limodzi lopopera mpweya.

M'nyukiliyasi ya selo logwidwa mumapezeka zigoba za mitundu itatu, zomwe Gibson ndi Roizman anazitcha A, B ndi C mu 1972. C ndi chodzaza DNA, B chatsekera nsanja mkati, A mulibe nsanja, mulibenso DNA. Ntchito yathu yonse yagona pa kuona zitatuzi padera ndi kudziwa chomwe kuchuluka kwa chilichonse kukutanthauza.

Sabata 2, Lachitatu

Maselo sakukula bwino, ndipo medium, madzi odyetsera maselowo, ikusanduka yofiirira mopita ku pepo m'malo mokhala yofiira. Phenol red, utoto wa m'medium woonetsa pH, ikatero ndiye kuti pH yakwera. Chifukwa chake ndi malo omwe tili. Johannesburg ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750, mpweya wa kuno ndi wopepuka, choncho CO2 ya 5% ya kuno imalowa m'madzi yochepa poyerekeza ndi 5% ya ku Durban. Medium yathu ya DMEM ili ndi magalamu 3.7 a bicarbonate pa lita, yomwe ngakhale kunyanja imafuna CO2 yambiri. Takweza CO2 pang'ono ndi kuthira HEPES ya 25 mM. Musakhulupirire nambala ya pa sikirini ya incubator, yezani pH ya medium imene yagona momwemo usiku wonse.

Pogwiritsa maselo kachirombo, tikutsata izi. Mafulasiki 10 a T175, maselo atadzaza pafupifupi 90% ya pansi. MOI ya 5, kutanthauza tizirombo 5 pa selo limodzi, kuti selo lililonse ligwidwe nthawi imodzi ndipo onse ayendere limodzi. Kachirombo kakhale ola limodzi pa 37°C m'medium yochepa, mukupendeketsa fulasiki mphindi 15 zilizonse, kenako thiranimo medium ya 2% serum. Kololani pa maola 18 mpaka 20, maselo atabulungira koma asanayambe kusomphoka okha. Mukachedwa, zigoba za C zambiri zimakhala zatuluka kale m'nyukiliyasi, chifukwa ndi zomwe mapuloteni a kachirombo a pUL31 ndi pUL34 amazitulutsa msanga kuposa zinzake, ndipo mudzaganiza kuti kulongedza kwavuta pamene katundu wangonyamuka.

Chenjezo kwa achemwali amene mukuweta stock ya kachirombo: MOI ya 5 ndi ya tsiku loyeza lokha. Stock iwetedwe pa MOI ya 0.01. Mukamaibwereza pa MOI yokwera, mumachulukana tizirombo topunduka tomwe DNA yake ndi kachidutswa kakang'ono kobwerezedwabwerezedwa, kokhala ndi poyambira kukopera komanso chizindikiro chodulira. Makina olongedzera amatilandira bwinobwino, n'kudzaza zigoba ndi zinyalala, ndipo pa Southern blot, njira yoonetsa zidutswa za DNA malinga ndi kutalika kwake, tidzaona mizere yosadziwika kwawo.

Zonse zichitikire mu kabati, mutavala magolovesi ndi magalasi. HSV-1 ikalowa m'diso kapena pa chala chong'aluka, nkhani yake si yaing'ono.

Sabata 3, Lachisanu

Gradient yoyamba yakanika, ija ya madzi a shuga olemera pansi n'kupepuka pamwamba m'chubu, yosiyanitsira zigoba za A, B ndi C. Tilemba kaye ndondomeko yonse, kenako pomwe yalakwika.

Palani maselo, azunguzeni pa 1,000 x g mphindi 10, atsukeni ndi PBS. Aswereni mu buffer ya 1% Triton X-100 yokhala ndi mankhwala oletsa protease, mphindi 30 pa ayisi. Triton imasungunula khungu la selo n'kusiya nyukiliyasi. Zunguzaninso kuti manyukiliyasi akhale pansi, tayani zapamwamba. Asungunuleni mu TNE, yomwe ndi 20 mM Tris pH 7.5, 500 mM NaCl ndi 1 mM EDTA, kenako aswereni ndi sonicator, makina oswera ndi mafunde amphamvu a phokoso. Chotsani zinyenyeswa pa 10,000 x g. Madzi otsalawo aikeni pamwamba pa shuga wa 35% n'kuzunguza kuti zigoba zidutse zikakhale pansi. Zisungunuleni mofatsa mu TNE yochepa, ziikeni pamwamba pa gradient ya sucrose ya 20% mpaka 50%, mu rotor ya SW41, 24,000 rpm, ola limodzi, pa 4°C. Poona, thimitsani magetsi m'chipinda n'kuwalitsa tochi yaing'ono kuchokera pamwamba pa chubu. Zigoba zimamwaza kuwala, zimaoneka ngati timizere ta mkaka.

Ife taona chifunga chimodzi choyera kuyambira pamwamba mpaka pakati. Zifukwa ndi ziwiri. Choyamba, manyukiliyasi ataswedwa madziwo ananda ngati therere, moti pokoka ndi pipette amatuluka ulusi. Imeneyo ndi DNA ya selo, yaitali, yosadulidwa, ndipo imakola zigoba n'kuzikokera pamodzi. Chachiwiri, tinaika zokolola za mafulasiki onse 10 pa chubu chimodzi.

Kuyambira tsopano manyukiliyasi azilandira kaye DNase I, enzyme yodya DNA, mu buffer yokhala ndi magnesium, TNE ibwere pambuyo. Chubu chimodzi chisapitirire mafulasiki 5. Makina aziyamba pang'onopang'ono ndipo aziima okha opanda buleki, apo ayi shuga amavunduka kumapeto n'kufufuta zonse.

Sabata 4, Lachiwiri

Magetsi athima rotor ili pa mphindi 25. Pofika poti vacuum yatuluka n'kutsegula chitseko, shuga anali atasakanikirana. Zokolola za sabata yonse zapita.

Lamulo: onani ndandanda ya magetsi ya dera lathu, ndipo musayatse ultracentrifuge ngati palibe maola atatu otsimikizika. Batire ya pa labu ndi ya mafiriji ndi incubator, makina amenewa singawanyamule. Wina anaganiza zoumitsa manyukiliyasi pa -80°C kuti tizizunguza tsiku lomwe magetsi alipo. Pa ntchito ina zimatheka, pa yathuyi ayi, chifukwa kuumitsa ndi kusungunula ndi njira imodzi yoswera zigoba zodzaza, ndipo ndi zomwezo tikufuna kuwerenga.

Sabata 5, Lachinayi

Yatheka. Poyamba m'chubu simunaoneke kanthu, koma paja kuona maso a nkhono n'kudekha: maso atazolowera mdima, mizere itatu inatuluka, yotalikirana mamilimita ochepa. Wapamwamba ndi woonda, umenewo ndi A. Wapakati ndi wonenepa kuposa yonse, B. Wapansi, C, ndi wakuthwa ngati wojambulidwa ndi lula. Dongosolo lake ndi la kulemera: chopanda kanthu chimatsalira, chodzaza DNA chimatsika kwambiri.

Pokoka, boolani chubu m'mbali ndi singano ya 18G, kamwa la singano litayang'ana kumwamba, pansi pang'ono pa mzere. Yambani ndi wapamwamba, chifukwa mukayamba ndi wapansi yonse yapamwamba imatsika n'kusakanikirana. Mzere uliwonse singano yake. Thiranimo TNE yochuluka katatu kuti shuga asungunuke, apo ayi zigoba sizikhala pansi.

Jelo ya SDS, yosiyanitsa mapuloteni malinga ndi kukula kwake, yatsimikizira. Mizere yonse itatu ili ndi VP5 cha pa 150 kDa, VP19C cha pa 50 ndi VP23 cha pa 34. Kusiyana kuli cha pa 40 kDa, pomwe pali VP22a, chotsalira cha nsanja: mu B ndi yambiri, mu A ndi C iyenera kusowa. Mu A yathu ikuoneka pang'ono, ndiye kuti singano inakoka B pang'ono. Pa kuwerenga kwa tsiku ndi tsiku sizivuta, koma za maikulosikopu zidzafunika gradient yachiwiri.

Chomwe chatiphunzitsa kwambiri sabata ino ndi sonicator. Tinagawa zokolola zimodzi pawiri. Gawo lina linalandira maulendo atatu a masekondi 10, likupuma pa ayisi pakati, lina maulendo 6 a masekondi 30. Pa lachiwirilo mzere wa C unaonda, wa A unanenepa. Kachirombo n'komweko, maselo ndi omwewo, chasintha ndi dzanja basi.

Chifukwa chake n'choti chigoba cha C chili ngati tayala lopopedwa kwambiri. DNA ndi yolimba, siikonda kupindidwa, ndipo zingwe zake zimakankhana chifukwa zonse zili ndi mphamvu ya negative. Mkati imazengezedwa m'mizere yozungulira, yotalikirana ma nanometre 2.6 okha. Mu 2013 gulu la Alex Evilevitch linayeza kukankha kumeneku n'kupeza ma atmosphere pafupifupi 18, kuposa tayala la galimoto yaing'ono maulendo 8 kapena kuposerapo. Mphamvu imeneyi kachirombo kamaifuna, ndiyo imalavula DNA kulowa m'nyukiliyasi ya selo latsopano. Koma ikutanthauzanso kuti kachibowo kalikonse, DNA yathawa, chigoba chasanduka A. Choncho mzere wonenepa wa A pawokha si umboni wa chilichonse.

Musavutike kusaka procapsid m'chubu. Imaphwasuka ikazizidwa ndipo siipirira shuga, moti njira yathuyi imaiwononga isanafike pa gradient.

Sabata 6, Lolemba

Tayamba kuyeza DNA yotetezedwa. Nzeru yake ndi yosavuta. DNA ya m'chigoba DNase siifika, ya panja imadyedwa. Gawani zokolola pawiri. Gawo loyamba ndi la DNA yonse. Lachiwiri lilandire DNase I ndi 10 mM MgCl2, ola limodzi pa 37°C, kenako imitsani ndi EDTA yochuluka. Mukatero ndiye mutsegule zigoba ndi SDS ya 0.5% ndi proteinase K, tsukani DNA, yezani kuchuluka kwake ndi qPCR. Dongosolo lake lisasinthe: mukatsegula zigoba DNase ikadali yamoyo, idya zonse.

Zotsatira zoyamba zinali zokoma mokayikitsa, ngati kuti DNA yonse inali m'zigoba. Izi sizingatheke, chifukwa pa DNA imene kachirombo kamakopera, yambiri imatsala panja osalongedzwa. Cholakwika chinali buffer. Zitsanzo zinali mu TNE, EDTA inagwira magnesium, mchere wa 500 mM nawonso unafooketsa DNase, moti enzyme inangokhala osagwira ntchito.

Takonza motere: zitsanzo za DNase zizitengedwa TNE isanathiridwe, ndipo m'chubu chilichonse tizithiramo plasmid (kamphete ka DNA) yosavala kanthu, yosafanana ndi DNA ya herpes, yokhala ndi ma primer akeake. Plasmid ikapulumuka, chubucho chitayidwe, osakambirana. Dziwaninso kuti qPCR imangoona kachidutswa ka ma base pair 100 kapena kuposa pang'ono. Ingakuuzeni kuti DNA ilipo, koma siingakuuzeni ngati ndi yathunthu kapena ngati inadulidwa pamalo oyenera. Apa ndi pomwe Southern blot, ngakhale ndi yakale komanso yotopetsa, sitingaithawe.

DNA ya HSV-1 ili ndi G ndi C pafupifupi 68%, zingwe zake ziwiri zimagwirana zolimba. Kuno madzi amawira pa 94°C, choncho kuwiritsa probe, kachidutswa ka DNA kofufuzira pa blot, m'bika ya madzi sikuilekanitsa bwino. Gwiritsani ntchito NaOH. Mu PCR thiranimo DMSO ya 5%.

Sabata 7, Lachitatu mpaka Lachisanu

Blot yatuluka, ndipo kuti muiwerenge muyenera kumvetsa momwe kudula kumachitikira.

Kachirombo sikakopera DNA imodziimodzi. Kamatulutsa chingwe chachitali, ma genome olumikizana mutu ndi mchira, malo ena chochita nthambi, chotchedwa concatemer. Genome iliyonse ili ndi chigawo chachitali, L, ndi chachifupi, S. Kumapeto onse awiri kuli kachigawo kotchedwa a, ka ma base pair 250 mpaka 500 malinga ndi mtundu wa kachirombo, ndipo kamapezekanso pakati, pamalumikiziro a L ndi S, katatembenuzidwa. M'kachigawo kameneka muli zizindikiro ziwiri, pac1 ndi pac2, zouza makina poyambira ndi pothera, ndipo mpeni umagwera mu DR1, kachidutswa ka ma base pair 20.

Makinawo ndi terminase, mapuloteni atatu ogwirana. pUL28 ndi imene imazindikira chizindikiro pa DNA. pUL15 ili ndi mbali ziwiri, ina ndi mpeni, ina imatentha ATP kuti ikankhe. pUL33 ndi yaing'ono, imagwirizitsa ziwirizo. Terminase imadula koyamba, imakhala pa khomo la pUL6, imakankha DNA kuyambira kumapeto a L, imadutsa kachigawo kotembenuzidwa ka pakati osakakhudza, ndipo ikafika pa a wotsatira woyang'ana mbali yoyenera imadulanso. Mapeto a S ndiwo amalowa komaliza, ndipo ndiwo amatsogola potuluka. Ikamaliza, terminase imachoka, siipita nawo m'kachirombo kokhwima.

Majini ofunika pa sitepe imeneyi alipo 7: UL6, UL15, UL17, UL25, UL28, UL32 ndi UL33. Mukachotsa iliyonse mwa 6, kusiya UL25, DNA imakopedwa bwinobwino koma siidulidwa, ndipo m'nyukiliyasi mumadzaza B zokhazokha. Onani kuti UL6 ili m'gulu lomweli, chikhalirecho khomo si mpeni. Ndiye kuti terminase siimaliza kudula genome popanda chigoba choilandira, kudula ndi kulongedza n'zomangirirana. UL25 ndiye ya payokha. Ikasowa, DNA imadulidwa, imayamba kulowa, nsanja imatuluka, koma chigoba chimalephera kusunga katundu. pUL25, limodzi ndi pUL17 ndi mchira wa pUL36, imakhala pa nsonga za chigoba kuzilimbitsa, ndipo pa khomo imakhala ngati chitsekerero cha botolo.

Pa blot timadula DNA ndi enzyme ya BamHI n'kugwiritsa ntchito probe yogwira kachigawo ka a. Malumikiziro amatulutsa chidutswa chachitali, mapeto omasuka amatulutsa ziwiri zazifupi, china cha L china cha S. Mu concatemer muli malumikiziro okhaokha. Genome yodulidwa ili ndi mapeto awiri ndi malumikiziro amodzi. Mzere wa L umaoneka ngati makwerero, chifukwa kumeneko a amatha kubwerezedwa kangapo, pamene ku S amakhala mmodzi. Amene anafunsa ngati makwererowo ndi enzyme yosadula bwino, ayi achimwene, ndi momwe kachiromboka kalili.

Tsono gradient ndi blot tikaziika pamodzi, kuwerenga kwake kuli motere. DNA yonse ikachepa, C ikasowa, B ikakhalapo, ndiye kuti vuto lili pa kukopera, makina olongedzera alibe mlandu. Izi taziona ndi maso pa fulasiki yomwe tinathiramo acyclovir, mankhwala amene thymidine kinase ya kachirombo imawadzutsa, kenako iwo amakatseka polymerase, enzyme yokopera DNA. DNA ikachuluka, malumikiziro ali mbwee koma mapeto palibe, B yokhayokha, ndiye kuti terminase kapena khomo. Mapeto akakhalapo, a L akuposa a S, C palibe ndipo A yanenepa, ndiye kuti chitsekerero. Koma A ikanenepa ndi pa kachirombo kabwinobwino komwe, mapeto onse awiri ali ofanana pa DNA yonse, musalembe lipoti, pitani mukaone sonicator ndi firiji.

Ziwiri zapakatizo sitinazione tokha. Zimafuna tizirombo tochotsedwa UL28 kapena UL25, ndipo timeneti sitingawetedwe m'maselo wamba, timafuna maselo opangidwa kuti azipereka puloteni yosowayo. Mapepala a chilolezo cholowetsera zimenezi m'dziko muno akuyendabe.

Kanthu kena kongodutsa. Makina onsewa, chigoba choyamba chofooka, khomo la mapuloteni 12, terminase yotentha ATP, ndi omwewo a ma bacteriophage a mchira, tizirombo togwira mabakiteriya. Ngakhale phata la VP5 linapindidwa mofanana ndi njerwa ya phage ya HK97. Pa phage ya phi29, mu 2001, anayeza injini yake ikukoka DNA ndi mphamvu yoposa ma piconewton 50, imodzi mwa injini zamphamvu kwambiri zodziwika pa mamolekyu. Chofunika kwa ife n'chakuti selo la munthu lilibe makina otere, ndiye mankhwala owatseka ali ndi mpata wosavulaza wodwala.

Sabata 8, Lachiwiri

Panabwera ganizo loti podikira tizirombo topundukato tigwiritse ntchito letermovir ngati chotsekera terminase. Sizingathandize, ndipo ndi bwino tilembe chifukwa chake kuti ganizoli lisadzabwererenso.

Letermovir anavomerezedwa ku America mu 2017 kuti aziteteza ku CMV anthu amene aikidwa maselo atsopano a m'mafupa. Amagwiradi terminase, koma ya CMV yokha. Kumeneko mayina ndi ena: pUL56 ndi mnzake wa pUL28 yathu, pUL89 wa pUL15, pUL51 wa pUL33, ndipo khomo ndi pUL104. Kachirombo kakayamba kupirira mankhwalawa, kusintha kumapezeka kwambiri mu UL56. Pa HSV sagwira ntchito, n'chifukwa chake odwala amene akumwa letermovir amapatsidwabe acyclovir pambali. Banja ndi limodzi, makina ndi ofanana, koma kabowo komwe mankhwala amakhalamo n'kosiyana. Tiwagwiritsa ntchito mwanjira ina: ngati chitsanzo chomwe sichiyenera kusintha kanthu. Mizere ikasuntha pa fulasiki ya letermovir, ndiye kuti njira yathu ikugwedezeka yokha.

Nkhani ya letermovir ikuonetsanso chifukwa chomwe tikuvutikira ndi mizere itatuyi. M'maselo a CMV othiridwa mankhwalawa, polymerase imapitiriza kukopera, DNA imachulukabe, kungoti siidulidwa. Munthu woyeza DNA yonse ya m'selo ndi qPCR yokha anganene kuti mankhwala sakugwira, pamene tizirombo tamoyo sitikutuluka.

Za CMV yeniyeni tiziika patsogolo. Imafuna maselo a fibroblast a munthu ndipo imatenga masiku angapo pomwe HSV-1 imatenga tsiku limodzi. Genome yake ndi ya ma base pair pafupifupi 235,000 m'chigoba chachikulu mofanana ndi cha HSV-1, zingwe zotalikirana ma nanometre 2.3, ndiye tiyembekezere kuti zigoba zake za C zidzafuna dzanja lofatsa kwambiri.

Sabata 9, Lachisanu

Gradient yabwerezedwa katatu ndi anthu atatu osiyana, mizere itatu yaoneka ulendo uliwonse. Plasmid yoyesera DNase ikudyedwa yonse. Chomwe sichinakhazikike ndi kuyeza kunenepa kwa mizere. Kujambula ndi foni kukupereka zosiyanasiyana, chifukwa foni imadzisinthira kuwala yokha, ndipo C imamwaza kuwala kwambiri kuposa A ngakhale ziwerengero zitafanana, poti ndi yodzaza. Kuyambira sabata ya mawa tizidontheza gradient kuchokera pansi, timagawo ta 0.5 ml, n'kuyeza VP5 pa jelo pa kagawo kalikonse. Chigoba chilichonse chili ndi VP5 955, kaya ndi A, B kapena C, choncho ndiyo sikelo yachilungamo.

Tiyesanso PFGE, jelo yosiyanitsa DNA zazitali kwambiri, kuti tione genome yathunthu ya 152 kb ikulowa m'jelo pamene concatemer ikutsalira m'dzenje. Maselo ayenera kutsekeredwa mu agarose asanaswedwe, chifukwa DNA yaitali chotero pipette imaidula. Jeloyo imayenda pafupifupi tsiku lathunthu, ndiye nkhani ya magetsi ibweranso.

Amene muli pa zamu ya Loweruka: mafulasiki 6 a pa shelefu yapakati agawidwe 1 ku 4, pH ya medium iyezedwe musanatsegule incubator kachiwiri. Shuga wa 20% ndi wa 50% apangidwe watsopano ndi kusefedwa, wakaleyo wayamba nkhungu pa chivindikiro. Mabaketi a rotor ya SW41 aumitsidwe chozondotsa, ndipo mphira wa baketi nambala 4 wang'aluka, musaigwiritse ntchito mpaka wina atafika.